Mlangizi Akalowa m'Bizinesi Yaing'ono

Lero ndikufuna tikambirane za anthu amene sitimva za iwo kawirikawiri. Awa ndi akuluakulu amene anagwira ntchito zaka 30 kapena 40 m'mafakitale, m'mabanki, m'mahotela ndi m'minda ikuluikulu ya kwawo, ndipo atapuma pa ntchito anadzipereka kuti azipita m'mayiko osauka kukalangiza eni mabizinesi ang'onoang'ono popanda malipiro.

Mukafunsa munthu wa bizinesi kuno kwathu chimene chikumulepheretsa kukula, yankho silichedwa: mpamba. Ndipo sakunama. Chiwongola dzanja cha ku banki chimaluma, za katapila ndiye tisachite kunena, ndipo ndalama ya banki m'khonde imathandiza kuoda katundu koma singagule makina. Komabe tonsefe tikudziwa munthu amene mpamba anaupeza, mwina kawiri kapena katatu, bizinesi n'kugwabe. Makasitomala analipo, katundu ankatha, mwini wake ankalawirira m'bandakucha tsiku ndi tsiku, koma pofika kumapeto kwa chaka mashelefu ali pululu. Mukamufunsa kumene ndalama inalowera, iye mwini sakudziwa. Alangizi ndikunenawa ntchito yawo imayambira pa funso limeneli.

Ganizoli si lalero. M'chaka cha 1961 dziko la America linayambitsa Peace Corps, yomwe inkatumiza achinyamata ongomaliza kumene maphunziro, ndipo ena a inu munaphunzitsidwa ndi iwowa kusekondale. Patapita zaka zitatu, mu 1964, David Rockefeller ndi anzake ena a zamalonda anaona kuti achikulire nawo ali ndi choti angapereke, ndipo anayambitsa bungwe la International Executive Service Corps, lotumiza mabwana opuma pa ntchito. Canada inatsatira mu 1967 ndi bungwe la CESO, lomwe masiku ano likutchedwa Catalyste+. Ku Britain kunabadwa BESO mu 1972, yomwe inadzaphatikizana ndi VSO mu 2005. Ku Netherlands, bungwe la olemba anthu ntchito linayambitsa PUM mu 1978, ndipo a ku Germany anakhazikitsa Senior Experten Service mu 1983, likulu lake ku Bonn. Japan nayo kudzera ku JICA imatumiza achikulire, kuwonjezera pa achinyamata aja amene akhala akubwera ku Malawi kuyambira 1971.

Kuti timve bwino mmene zimayendera, titenge PUM. Kwa zaka zambiri dongosolo lake lakhala lotere: mwini bizinesi ndiye amayamba kupempha, n'kufotokoza chimene chamutsina. Bungwe limafufuza m'kaundula wake munthu amene anakalambira pa ntchito yomweyo. Wa mkaka amamutumizira wa mkaka, wa hotela amamutumizira wa hotela. Mlangiziyo amabwera kwa masabata awiri kapena kuposerapo pang'ono. Tikiti ya ndege amalipira ndi a bungwe, koma pogona, chakudya ndi mayendedwe a m'dziko muno zimakhala pamutu pa mwini bizinesi. Ena amadandaula nazo zimenezi, amati ngati ndi thandizo bwanji osangolipira zonse. Ine ndimaona kuti anaganiza bwino. Munthu amene akulipirira mlendo chipinda usiku uliwonse sapita kukaonera mpira mlendoyo ali pa ntchito. Amakhala pomwepo, amafunsa, amatsutsa, amafuna kuti ndalama yake ibwerere. Tinazolowera maphunziro a ku hotela amene timapitira alawansi ndi satifiketi, ndipo chizolowezi chimenechi chatiwonongera zambiri.

Tsono mlangizi wotere akafika amachita chiyani? Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi bekale pa tauni ina yaing'ono, antchito khumi ndi awiri, mabanzi ndi buledi zikutuluka tsiku lililonse, koma phindu silikuoneka. Wabwera ndi bambo wachikulire amene anaphika buledi moyo wake wonse. Mlangizi wodziwa ntchito yake sayamba ndi kuphunzitsa. Amadzuka 3 koloko usiku limodzi ndi anyamata okanya ufa, n'kuima pakona, maso ali pa manja awo. Amaona kuti matumba a ufa anatsamira khoma lachinyezi. Amaona kuti chitseko cha uvuni chikutsegulidwa pafupipafupi, moto n'kumathawa, ndiponso kuti mathireyi a kumbuyo akupserera pamene a kutsogolo sanapse. Amaona mlamu wa mayiyo akulowa, n'kunyamula buledi awiri osalemba paliponse. Sanena kanthu. Tsiku lachitatu amapempha sikelo.

Banzi la mayiyo linayenera kulemera magalamu 60 lisanalowe mu uvuni. Mnyamata wodula amangoyeza ndi dzanja, ndipo poopa kuti makasitomala anganene kuti mabanzi achepa, amadula magalamu 70. Magalamu khumi ndi kanthu kochepa m'maso, koma werengani nane. Mabanzi asanu ndi limodzi a magalamu 70 ndi magalamu 420. Magalamu 420 omwewo akanatulutsa mabanzi asanu ndi awiri a magalamu 60. Ndiye kuti pa mabanzi asanu ndi awiri alionse, limodzi mayiyo akulipereka ulere, m'mawa uliwonse, chaka chonse, iye osadziwa. Palibe wamubera. Mnyamatayo ndi wokhulupirika ndithu. Kungoti palibe amene anayezapo.

Kenaka amakhala pansi awiriwiri. "Mayi, banzi limodzi limakudyerani ndalama zingati kuti lituluke mu uvuni?" Mayi amayankha moona mtima: "Bambo, ine ndimangoona mtengo umene anzanga akugulitsa, nane n'kuika womwewo." Apo ndiye amatenga kope n'kuyamba kulemba limodzi: ufa, shuga, yisiti, mafuta, nkhuni kapena magetsi, mapepala okulungira, malipiro a anyamata, lendi, mabanzi obwerera osagulidwa, ndi malipiro a mayi mwini wake, amene sanadzilipirepo chiyambire koma amangotapa m'kabati pakagwa vuto kunyumba. Pofika madzulo, mayiyo amadziwa kwa nthawi yoyamba kuti pa buledi akupindula, pa mabanzi akuluza, ndipo makeke amene amawaona ngati ongokometsera ndi amene akhala akunyamula bekale yonse.

Akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Mlendoyu sikuti ali ndi nzeru kuposa mayiyo. Mumuike yekha pa tauni imeneyo kuti ayendetse bekale, magetsi akuzimazima, ufa ukukwera mtengo mwezi ndi mwezi, sangathe miyezi itatu. Chimene ali nacho ndi maso amene sanazolowere malowo, komanso zaka zambiri zoona mabekale ena akulakwitsa zomwezo. Ndipo popeza si mbale, angathe kunena za mlamu uja zimene wantchito aliyense amaziona koma sangayerekeze kuzitchula.

Mwina wina akuti izi ndi nkhani zongokoma pakamwa. Funso loti uphungu umakuzadi bizinesi akatswiri analifufuza, ndipo zimene anapeza ndi zofunika kuzimva zonse, zokoma ndi zowawa zomwe.

Kafukufuku wotchuka kwambiri anachitikira ku India, m'mafakitale oluka nsalu a kufupi ndi mzinda wa Mumbai, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2013. Anamuchita ndi Nicholas Bloom wa ku yunivesite ya Stanford, David McKenzie wa ku World Bank ndi anzawo. Mafakitalewo sanali ang'ono, ambiri anali ndi antchito mazanamazana, ndipo anali atayenda zaka zambiri. Koma ofufuza atalowa anapeza ulusi uli mbwee m'nyumba zosungiramo katundu, wopanda chizindikiro, wina utawonongeka ndi chinyezi. Makina ankakonzedwa pokhapokha akafa. Nsalu ikatuluka ndi chilema inkapita kwa anthu osoka zigamba, koma palibe ankalemba kuti chilemacho chachokera pa makina ati, kotero cholakwika chomwecho chinkabwerera mawa lake. Mafakitale ena anapatsidwa alangizi kwa miyezi isanu, ena kwa mwezi umodzi wokha, kuti pakhale poyerekezera. Malangizo ake anali wamba: sesani, ikani chizindikiro pa ulusi, lembani chilema chilichonse, kumanani m'mawa uliwonse muone zolembedwazo. M'chaka choyamba, mafakitale olangizidwa anawonjezera katundu wotuluka pa ntchito yomweyo ndi 17 peresenti, ndipo m'zaka zitatu eni ake anatsegula mafakitale ena.

Chimene chimandikhudza pa nkhani ya ku India ndi chifukwa chimene eni mafakitalewo ankalepherera kukula kale. Sankakhulupirira munthu amene si wa m'banja. Udindo waukulu unkapita kwa mwana, mchimwene kapena msuweni, ndipo kukula kwa kampani kunkatengera kuchuluka kwa amuna a m'banjamo. Popanda zolemba, mwini sangadziwe ngati akuberedwa, choncho amayenera kukhala pomwepo kapena kuikapo mbale. Zolemba zitayamba kuyenda, mwini ankatha kuona manambala ali kutali, ndipo mtima unkakhala m'malo. Ndani wa ife sakuzidziwa zimenezi? Golosale zingati zimatsekedwa mwini akapita ku maliro, chifukwa palibe amene angamusiyire kabati? Dziwaninso kuti alangizi a ku India aja anali a kampani yolipidwa, ndipo mtengo wawo unali woti bizinesi yaing'ono singaulote n'komwe. Apa ndi pamene munthu wongodzipereka amakhala wamtengo wapatali, chifukwa amabweretsa nzeru yomweyo kwa amene sakanaigula.

Tsopano zowawa. Ku Accra, m'dziko la Ghana, Dean Karlan, Ryan Knight ndi Christopher Udry anachita kafukufuku pa matelala 160. Ena anawapatsa alangizi ochokera ku kampani yaikulu ya Ernst & Young, ena ndalama, ena zonse ziwiri, ena osapatsidwa kanthu. Matelala anamvera. Anayamba kulemba zolowa ndi zotuluka monga anauzidwira. Koma phindu silinakwere, kwa kanthawi linatsika kumene, ndipo patapita nthawi anasiya zonse n'kubwerera ku kachitidwe kawo kakale. Ine sindiwaimba mlandu matelalawo. Munthu wa makina amodzi kapena awiri, amene akudziwa pamtima kasitomala aliyense ndi ngongole yake, vuto lake lalikulu si kope. Vuto lake ndi loti matelala ali mbali zonse za msewu, onse akusoka zofanana, ndipo kaunjika ali pamsika. Mlangizi wozolowera makampani akuluakulu amapereka mankhwala amene iye amawadziwa, osati a nthenda imene ili pamaso pake.

Ngakhale ku India komwe kuja, ofufuza atabwererako patapita zaka pafupifupi zisanu ndi zinayi anapeza kuti pafupifupi theka la njira zatsopano zija zinasiyidwa. Mafakitale olangizidwa anali akadali patsogolo pa anzawo, koma zambiri zinatayika, makamaka pamene manijala amene anaphunzira anachoka, kapena pamene eni ake anatanganidwa ndi zina. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ngati za miyezi isanu zimafufutika chotere, nanga za masabata awiri? Ichi ndicho chofooka chachikulu cha alangizi obwera pa ndege, ndipo mabungwe awo akuchidziwa, n'chifukwa chake masiku ano ambiri amapitiriza kulankhulana ndi mwini bizinesi pa foni ndi pa intaneti mlendo atabwerera kwawo, kapena kumutumizanso kachiwiri.

Kafukufuku amene ndikufuna mumumvetsere bwino ndi wa ku Dandora, dera lothithikana la mu mzinda wa Nairobi ku Kenya, lomwe limadziwika ndi dzala lalikulu la zinyalala za mzindawo. Wyatt Brooks, Kevin Donovan ndi Terence Johnson anatenga amayi oposa 300 amene anali atangoyamba kumene geni. Gulu lina analilowetsa m'kalasi kukaphunzira za kayendetsedwe ka bizinesi. Gulu lina aliyense anam'patsa mlangizi, ndipo mlangiziyo sanachokere ku Ulaya kapena ku ofesi ina ya m'tauni. Anali mayi mnzake wa ku Dandora komweko, wochita geni yofanana, koma amene anakhalitsa pa ntchitoyo ndipo zinkamuyendera. A m'kalasi phindu lawo silinasinthe. A alangizi phindu linakwera ndi 20 peresenti. Atafufuza chifukwa chake, anapeza kuti nkhani yaikulu inali kooda katundu. Mayi wokhalitsa uja ankadziwa kumene katundu amatchipa, tsiku loyenera kupita, ndi munthu woyenera kulankhula naye. Zimenezi sizilembedwa m'buku lililonse, ndipo katswiri wochokera ku Netherlands kapena ku Bonn sangazidziwe. Koma kumenekonso, awiriwo atasiya kukumana, phindu lija linayamba kubwerera pansi, chifukwa mitengo ndi malo oodako zimasintha, ndipo nzeru ya mwezi watha imatha ntchito.

Ku Puebla, m'dziko la Mexico, kafukufuku wina pa mabizinesi 432 anapeza zogwirizana ndi zimenezi. Alangizi anali a komweko, ankabwera maola angapo sabata iliyonse kwa chaka chathunthu, ndipo patapita zaka zisanu mabizinesi olangizidwa anali atawonjezera antchito ndi pafupifupi theka poyerekeza ndi anzawo.

Pali njira inanso imene ikutikhudza ife mwachindunji. Bungwe la ku Britain lotchedwa Grow Movement, lomwe lagwirapo ntchito ku Uganda, ku Rwanda ndi kuno ku Malawi, silinkakweza munthu ndege. Linkalumikiza mwini bizinesi ndi katswiri wongodzipereka wa kudziko lina, ndipo awiriwo ankalankhulana pa intaneti kapena pa foni kwa miyezi ingapo. Stephen Anderson ndi anzake anayesa njirayi pa mabizinesi 930 a ku Uganda, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2021. Amene anapatsidwa akatswiri a kasakidwe ka misika ndi kutsatsa malonda, zogulitsa zawo pa mwezi zinakwera ndi kuposa theka, phindu ndi kuposa gawo limodzi la magawo atatu. Amene anapatsidwa akatswiri a ntchito zina sanasinthe kwenikweni. Akatswiri a misika aja ankaumiriza mwini bizinesi kuti afunse makasitomala ake chimene akufuna, kenaka apange chinthu chosiyana ndi cha mnzake wa pafupi. Kwa ife amene munthu mmodzi akayamba kukazinga tchipisi pa siteji, mwezi wotsatira pamakhala ziwaya zisanu ndi chimodzi, phunziro limeneli ndi lalikulu. Ndipo ngati mlendo wa ku London angathandize wa ku Kampala pa foni, chingaletse n'chiyani Mmalawi amene wayendetsa sitolo ku Johannesburg kapena ku Manchester zaka khumi ndi zisanu kuti azilankhula ndi wa ku Mchinji pa WhatsApp Loweruka lililonse, m'chinenero chimene onse awiri amalota nacho?

Ndafika pa mfundo yanga. Alendowa tiwalandire, ndipo tiwagwiritse ntchito mokwanira, makamaka pa zinthu zimene luso lake kuno ndi losowa, monga kukonza mkaka, kusunga zipatso kuti zisawole, kapena kukonzekera kuti katundu adutse pa miyezo ya Malawi Bureau of Standards ndi ya misika ya kunja. Koma tisatsamire pa iwo. Mu 2025 boma la America linatseka USAID, yomwe inkayendetsa pulogalamu ya Farmer-to-Farmer, imene kuyambira m'ma 1985 inkatumiza alimi ndi akatswiri a zaulimi ongodzipereka m'mayiko ambiri kuphatikizapo kuno. Britain ndi Netherlands nawonso alengeza kuti akuchepetsa ndalama zothandizira mayiko osauka. Matikiti a ndege aja adzacheperachepera.

Ndipo onani chimene mayiko amenewa amachita kwawo. Chaka chomwe chija cha 1964, America inayambitsanso SCORE, gulu la opuma pa ntchito olangiza mabizinesi ang'onoang'ono a mu America momwemo, ndipo likugwirabe ntchito mpaka lero. A Senior Experten Service amathandiza achinyamata a ku Germany ophunzira ntchito zamanja kuti asasiyire panjira. A ku Canada amalangizanso mabizinesi a mitundu ya eni nthaka a dzikolo. Iwo anazindikira kuti munthu akapuma pa ntchito mutu wake supuma nawo.

Ife nanga? M'boma ambiri amapuma akakwanitsa zaka 60, akadali ndi mphamvu. Alipo amene anayendetsa fakitale ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Alipo amakaniko amene anasamala makina a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, amene akangomva kulira kwa injini ya chigayo amadziwa chimene chikudwala. Alipo amene analuka nsalu ku David Whitehead, amene anakonza sitima za pamtunda ku Limbe, amene anaphika m'mahotela a ku Mangochi, amene anakhala zaka 30 ku banki akuona mapempho a ngongole ndipo akudziwa bwino chifukwa chake ambiri amakanidwa. Alipo amene anabwerera kuchokera ku Bulawayo, ku Kitwe ndi ku Joni ndi luso m'manja. Ndipo koposa onsewa, potengera za ku Dandora, alipo amayi amene agulitsa usipa, tomato kapena mbatata zaka makumi awiri pa Limbe, pa Lizulu kapena pa Jenda, n'kuphunzitsa ana mpaka ku koleji ndi geni yomweyo. Ambiri mwa anthu amenewa palibe amene anawagogodera pakhomo kuwapempha nzeru. Amaitanidwa kukakhala ankhoswe ndi kukayendetsa mwambo wa maliro, zomwe ndi zabwino, koma luso lawo la ntchito likupita nawo kumanda. Zimenezi zimandipweteka mtima.

Sindikunena kuti n'zophweka. Wopuma pa ntchito wa ku Netherlands ali ndi penshoni yomukwanira, ana ake ndi odziimira paokha. Wa kuno penshoni yake imatha sabata yoyamba, mwina anaidikira nthawi yaitali isanatuluke, ndipo pakhomo pali zidzukulu zofuna fizi. Kumuuza kuti adzipereke n'kumusiya adzilipirire yekha minibasi ndi kumulakwira. Nthawi yake angapereke ulere, koma thiransipoti ndi chakudya chamasana wina ayenera kulipira, ndipo gawo lina lichoke kwa wolangizidwayo, pa chifukwa chomwe ndanena kale chija.

Palinso nkhani ya kukhulupirirana. Mzungu wochokera kutali timamutsegulira mabuku athu mosavuta chifukwa tikudziwa kuti sadzatsegula bekale kutsidya kwa msewu, ndipo sadzakauza akumpingo kuti tili ndi ngongole. Mnzathu wa pamudzi timamuopa. Mantha amenewa ali ndi maziko, chifukwa nsanje ndi miseche zagwetsa ambiri. Choncho pafunika bungwe loima pakati, losankha anthu odziwika kuti amasunga pakamwa, ndi lolumikiza wa ku Ndirande ndi mlangizi wa ku Bangwe ngati a pafupi akuopana. Pafunikanso kusankha molingana ndi ntchito. Amene anali bwana wamkulu mu ofesi, wokhala ndi dalaivala ndi sekilitale, sikuti basi akudziwa kuyendetsa okala. Tawaona ena atalandira ndalama zawo zopumira, n'kugula minibasi, chaka chisanathe ili pamiyala. Woteroyo angathandize kwambiri kampani ya antchito 50 pa nkhani ya misonkho ndi makontirakiti, koma mayi wa mandasi mum'patse mayi mnzake. Ndipo mlangizi aliyense, wakunja kapena wakuno, ayambe waphunzira kukhala chete masiku oyamba. Mkulu wozolowera kulamula akafika n'kuyamba kudzudzula mwini bizinesi pamaso pa antchito ake, tsiku lachiwiri adzapeza chitseko chotseka.

Wina anganene kuti, nanga uphungu uthandiza chiyani pamene magetsi akuzima, mafuta akusowa, ndalama zakunja kulibe? Zoonadi mlangizi sangayatse magetsi, ndipo tisalole kuti nkhani ya uphungu ikhale pobisalira amene ali ndi udindo wokonza zimenezi. Koma nthawi yovuta ndi imene kulakwitsa pang'ono kumapha bizinesi. Kumbukirani mu November 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti mu May 2022. Ogulitsa ambiri ang'onoang'ono anapitiriza kugulitsa katundu amene anali naye pa mtengo wakale, poti anamuoda motchipa ndipo pa pepala phindu linkaoneka. Katundu anatha msanga, iwo n'kusangalala. Atapita kokaoda anapeza kuti ndalama yonse, mpamba ndi phindu lomwe, singagule katundu wofanana ndi amene anagulitsa. Wamalonda amene anaona kwacha ikugwa mu 1994 ndi mu 2012 akanawauza m'mawu ochepa kuti mtengo umaikidwa poyang'ana ndalama imene udzaodere mawa, osati imene unaodera dzulo. Anthu odziwa zimenezi analipo m'misika yomweyo, koma panalibe chowalumikiza ndi ongoyamba kumene.

Ndiye ndikupempha mabungwe amene ali kale ndi mayina a anthu m'mabuku awo. A Malawi Confederation of Chambers of Commerce and Industry akudziwa mamanijala amene anapuma. A Institute of Chartered Accountants in Malawi akudziwa owerengera ndalama awo akale. A TEVETA akudziwa amisiri, a National Association of Business Women akudziwa amayi okhazikika pa malonda, ndipo mipingo ndi mizikiti ikudziwa amene ali okhulupirika. Sipakufunika kudikira pulojekiti ya mabiliyoni kapena msonkhano wa ku nyanja. Yambani ndi boma limodzi, alangizi makumi awiri, mabizinesi makumi awiri. Azikumana kamodzi pa sabata, pamalo pa ntchito pomwepo osati mu holo, kwa miyezi yosachepera isanu ndi umodzi. Tsiku loyamba alembe zogulitsa za mwezi umenewo kuti pamapeto padzakhale poyerekezera, ndipo agwirizane zinthu ziwiri kapena zitatu zokha zoti asinthe. Pakhale munthu mmodzi wolipidwa amene ntchito yake ndi kuimbira foni onse awiri mwezi uliwonse, kufunsa ngati akukumanabe, ndi kusintha mlangizi ngati sakumvana. Ndalama yofunika pamenepa ndi ya minibasi, ya nsima yamasana, ya mayunitsi, ndi malipiro a munthu mmodziyo.